Kusema ziboliboli ndi chainsaw kuno ku Harare: mafunso ndi mayankho

Amene amatifunsa za lusoli ambiri ndi anzathu olankhula Chichewa a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth ndi Chitungwiza. Ena amadula kale mitengo m'mayadi a anthu ku Highlands ndi ku Borrowdale, ena ndi akalipentala a ku Glen View, ena anakulira pamanja pa agogo amene ankasema mitondo, mipini ndi ng'oma. Mafunso awo amabwerezabwereza, choncho tawasonkhanitsa pano.

Kodi kusema ndi chainsaw n'kusemadi, kapena n'kungophwanya mtengo?

N'kusema ndithu. Ntchito imene agogo ankagwira ndi nkhwangwa ndi kasemasema kwa masiku ambiri, yochotsa nkhuni yosafunika kuti chithunzi chiyambe kuoneka, chainsaw imaimaliza m'mawa umodzi. Koma makinawo sadziwa kuti khosi la nkhwazi limapindikira pati, kapena kuti maso a mvuu amakhala pamwamba pa mutu. Zimenezo zili m'maso mwa wosema. Munthu wosatha kujambula chinthu papepala kapena pansi ndi chala, chainsaw ingomuthandiza kuwononga chipika msanga.

Alipo amisiri amene amamaliza zonse ndi chainsaw yokha, mpaka nthenga ndi ubweya. Ambiri amapitiriza ndi galayindala, tchizulo ndi sandipepa. Ife sitiona cholakwika pamenepo. Wogula amayang'ana chiboliboli, safunsa kuti munagwira chida chanji.

Lusoli linachokera kuti?

Makinawo anayambira ku Germany. Andreas Stihl anapanga chainsaw yoyendera magetsi mu 1926, ndipo Emil Lerp wa kampani ya Dolmar anatulutsa yoyendera petulo mu 1927. Zoyambazo zinali zolemera, zogwira anthu awiri, moti panalibe woganiza zosemera. Zitapepuka n'kuyamba kunyamulika ndi munthu mmodzi m'ma 1950, odula mitengo a ku America anayamba kusemera zilembo ndi nyama. Lero kuli misonkhano ndi mipikisano ya osema ku Ridgway m'chigawo cha Pennsylvania, ku Chetwynd m'dziko la Canada, ndi kwina ku Ulaya, kumene anthu amasema pamaso pa gulu nthawi ikuwerengedwa.

Harare ndi mzinda wa miyala. Chiboliboli cha mtengo chili ndi malo?

N'zoona kuti dzina la Zimbabwe linamveka ndi miyala. National Gallery, nyumba yoonetserako zaluso ya mu Harare, inatsegulidwa mu 1957, ndipo mkulu wake woyamba, Frank McEwen, analimbikitsa osema miyala. Tom Blomefield anayambitsa Tengenenge, mudzi wa osema miyala, ku Guruve mu 1966, ndipo ambiri mwa osema oyamba kumeneko anali antchito a m'mafamu a fodya ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia, anali mmodzi mwa iwo, ndipo nkhope zake zomwetulira zija zinafika m'mayiko ambiri. Tsono anthu athu si alendo pa nkhani yosema m'dziko muno.

Mtengo nawo sunasowe. Nicholas Mukomberanwa anayamba ndi kusema mitengo ku Serima Mission asanagwire mwala, ndipo Tapfuma Gutsa amadziwika ndi kuphatikiza mtengo ndi mwala pa chosema chimodzi. Pamsika, mwala ndi wochuluka kale. Kuyambira kumalo oonetsera ziboliboli a Chapungu m'dera la Msasa mpaka ku Chitungwiza Arts Centre mupeza miyala yokhayokha, pamene benchi ya mtengo umodzi yokhala ndi mitu ya mvuu m'mbali, kapena nkhwazi yotalika ngati munthu yoima pageti, mumayenda mtunda musanaione. Malo alipo.

Mitengo yosema ndiipeza kuti?

Funso ili ndi limene timakonda, chifukwa ndi pamene Harare imaposa malo ambiri. Mitengo ikugwetsedwa tsiku lililonse mumzinda muno. Wina akumanga nyumba zogundizana pamene panali yadi imodzi, wina mizu yamugwetsera mpanda, wina akufuna dzuwa lifike pa sola. Mvula yoyamba ya Novembala ikabwera ndi mphepo, mitengo yokalamba ya m'misewu imagwa yokha. Zipika zimenezi zambiri zimawazidwa nkhuni, chifukwa magetsi akathima anthu amaphikira pamoto. Wosema wanzeru amagwirizana ndi anyamata odula mitengo, n'kuwauza kuti thunthu asamalidule tizidutswa, azimusiyira lalitali mita imodzi kapena iwiri. Nthawi zambiri mwini yadi amangofuna chipikacho chichoke.

Jacaranda ndiye bwenzi la woyamba kumene. Kwawo ndi ku South America, koma anadzalidwa m'misewu ya ku Avenues ndi m'mayadi akale mpaka anthu amayesa ngwa kuno. Ndi wofewa, woyera, wopepuka, sang'aluka kwambiri akamauma, ndipo tcheni chimadutsamo mosavuta. Vuto lake n'loti panja pamvula sakhalitsa. Mapeyala ndi mango nawonso amasemeka bwino, ngakhale kuti amafumbwa msanga mukapanda kuwasamala, ndipo utomoni wa mango umayabwa anthu ena. Indiya, amene kuno amati syringa, ali ndi mtima wofiirira wokongola. Cypress ndi wabwino kwambiri pa zoika panja, amanunkhira, ndipo saola msanga. Paini ndi wofewa koma utomoni wake umamata tcheni, komanso chiswe chimamukonda.

Bulugamu ali paliponse ndipo zipika zake ndi zazikulu, koma amang'aluka moopsa. Msemeni benchi kapena chinthu chimene mng'alu sungachiipitse, osati nkhope ya munthu. Msasa ndi wolimba, mitsempha yake ndi yopiringizika, umabunthitsa tcheni, komabe suchedwa kufumbwa. Ntchito yambiri, phindu lochepa.

Musanalowetse tcheni m'mtengo wa m'yadi, ufufuzeni. Anthu amakhomamo misomali, amamangirirapo waya woyanikira zovala, ndipo mtengo ukamakula umameza zonsezo. Banga lakuda kapena labuluu pamalo odulidwa limasonyeza kuti chitsulo chili pafupi. Makungwa a m'munsi amakhala ndi mchenga, choncho asendeni kaye. Ndipo mitengo yothiridwa mankhwala, monga mapolo akuda onunkha phula ndi matabwa obiriwira aja a mpanda, musaiseme kapena kuiwotcha. Fumbi ndi utsi wake ndi poizoni.

Nanga mlombwa, mbawa ndi phingo? Si imeneyo mitengo yeniyeni ya ziboliboli?

Ndi yokongola, palibe wokana. Mlombwa, umene kuno amautcha mukwa, suvuta kusema ndipo suchita makhwinya ukauma. Koma umatenga zaka makumimakumi kuti ufike pokolola, ndipo chainsaw imadya nkhuni yambiri: chimene chimatsala pa chipika nthawi zina sichifika theka, china chonse ndi zidutswa ndi utuchi. Kuchita zimenezo ndi mlombwa pamene jacaranda akuwotchedwa kuseri kwa nyumba, ife timati n'kusakaza. Amene anakhalako kumudzi posachedwa aona mmene mapiri ayerera ndi makala. Kuno nako nkhalango za msasa zikutha ndi nkhuni zowotchera fodya.

Palinso lamulo. Forestry Commission, nthambi ya boma ya zankhalango, ndiyo imayang'anira mitengo yachilengedwe potsatira lamulo la Forest Act, ndipo malamulo a mu 2012 amafuna chilolezo kwa wonyamula kapena wogulitsa nkhuni ndi matabwa. Mitengo ya m'mphepete mwa msewu ndi ya m'mapaki ndi ya khonsolo ya mzinda, ngakhale itagwa yokha, choncho pemphani musanakweze mulole. Ngakhale mtengo wa m'yadi mwanu, funsani kukhonsolo musanaugwetse. Mukalandira chipika kwa munthu, apatseni pepala alembepo kuti mtengowo unali pakhomo pawo ndipo akupatsani. Kapepala kameneko kamafupikitsa nkhani pa rodibuloko.

Ndigule chainsaw yotani?

Yaing'ono. Oyamba ambiri amathamangira yaikulu yogwetsera bulugamu, kenako mikono imalema pasanathe ola, ndipo mkono wolema ndi umene umachititsa ngozi. Ya injini ya 30 cc mpaka 40 cc, monga Stihl MS 170 kapena MS 180, kapena inzake ya Husqvarna ya msinkhu womwewo, ikwanira zaka zoyamba. Yaikulu mudzaifuna mukadzayamba kudula zipika zonenepa, ndipo tsiku limenelo mutha kubwereka kapena kulipira mnzanu akudulireni.

Chimene chimasandutsa chainsaw wamba kukhala yosemera ndi bar, chitsulo chimene tcheni chimazungulirapo. Bar yosemera ndi yaifupi, kawirikawiri masentimita 30, ndipo nsonga yake ndi yosongoka, yaing'ono ngati kakhobidi. Imayenda ndi tcheni cha mano ang'onoang'ono cha saizi ya 1/4, choncho kagiya koyendetsa tcheni nakonso kamayenera kusinthidwa kuti kagwirizane. Nsonga yake ilibe kawilo, ndiye imatentha msanga. Tcheni chisamangike kwambiri ngati pa bar wamba, ndipo oyilo azituluka wokwanira.

Chenjerani ndi makina onyengezera. Pali ambiri opakidwa mtundu ndi dzina la kampani zotchuka koma m'kati ndi zina. Mtengo ukatsika modabwitsa, funsani nambala ya makinawo ndi kumene mudzapeze zosinthira. Pewaninso chainsaw ya chogwirira chapamwamba. Imeneyo inapangidwira okwera m'mitengo ophunzitsidwa, ndipo imakopa munthu kuigwira ndi dzanja limodzi.

Ya magetsi kapena ya batire singathandize?

Ingathandize kwambiri pomalizitsa. Ilibe utsi, phokoso ndi lochepa, siinjenjemeretsa manja ngati ya petulo. Ya chingwe imadalira magetsi a ZESA, ndipo nonse mukudziwa mmene zimakhalira. Ya batire ndi yabwino ngati muli ndi sola yotchajira ndi mabatire awiri, koma ndi yokwera mtengo. Tcheni chake chimadula mnofu chimodzimodzi.

Chainsaw yanga ikulira bwino sabata ino, sabata yamawa ikukana. Chikuvuta n'chiyani?

Kawirikawiri ndi mafuta. Injini za chainsaw zimafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wa two-stroke. Pa Stihl ndi Husqvarna muyeso ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo. Makina ena otchipa amafuna oyilo wochulukirapo, choncho werengani kabuku kake. Oyilo wa galimoto salowa m'malo mwake.

Kuno pali vuto lapadera. Kuyambira mu 2013 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, ndipo muyeso wake umasinthasintha, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100 alionse. Opanga chainsaw ambiri amalola magawo 10 okha. Ethanol amakoka chinyezi, amaumitsa timapaipi ndi timphira ta mu kabyuleta. Tsono sakanizani mafuta ochepa oti athe msanga, osapitirira mwezi, ndipo mukafuna kusunga makina masiku angapo, khuthulani thanki n'kuwaliza mpaka azime okha. Komanso Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, moti makina ochokera ku Durban kapena ku Beira amafuna kuti makaniko aikonzenso kabyuleta. Sefa ya mpweya muziitsuka tsiku lililonse, chifukwa kusema kumatulutsa fumbi losalala kuposa kudula nkhuni.

Pa tcheni musathire oyilo wakuda wochotsa m'galimoto, ngakhale odula mitengo ambiri amatero. Amadetsa chiboliboli mpaka m'kati, vanishi sagwira, ndipo amakuthirani pakhungu ndi m'mapapo. Gulani oyilo wa tcheni. Osema ena amagwiritsa ntchito mafuta ophikira, ndipo amagwira, kungoti akakhalitsa m'makina amauma n'kumata.

Chimene chimavulaza anthu kwenikweni n'chiyani?

Kudumpha kwa bar, kumene amati kickback. Mbali yapamwamba ya nsonga ikagunda nkhuni, mfundo kapena msomali, dzino la tcheni limakola, ndipo mphamvu yonse ya injini imaponyera bar m'mwamba cha kunkhope kwanu. Tcheni chimathamanga mamita 20 pa sekondi kapena kuyandikira apo, ndipo zimachitika musanaphethire. Odula nkhuni amaphunzitsidwa kuti nsonga asamaigwiritse ntchito. Wosema amakhalira nsongayo tsiku lonse. N'chifukwa chake timati phunzirani makina kaye, luso pambuyo. Dulani nkhuni wamba mpaka manja azolowere kulemera kwake ndi mmene amakokera akamadula ndi m'munsi, ndi mmene amakankhira akamadula ndi pamwamba.

Gwirani ndi manja awiri nthawi zonse, lamanzere kutsogolo chala chachikulu chitazungulira chogwirira, lamanja kumbuyo. Ngakhale amanzere agwire chomwecho, chifukwa makinawo anapangidwa motero. Mutu wanu usakhale pamzere umodzi ndi bar. Musadule pamwamba pa mapewa. Chinthu chikatalika, mangani nsanja yolimba, osati makwerero. Pobowola, yambani ndi m'munsi mwa nsonga, ikalowa ndipo muwongole. Buleki ya tcheni iyeseni m'mawa uliwonse, ndipo muziitseka mukamasuntha. Bar yosemera ya nsonga yaing'ono imadumpha pang'ono poyerekeza ndi bar wamba, ndipo chimenechi n'chifukwa china choigulira.

Chipika chimangidwe. Chaching'ono chikhomereni ndi masikuluwu pa chitsa chachikulu, osachiponda ndi phazi kapena kuuza mwana akugwirireni. Chachikulu musachinyamule nokha: bulugamu wauwisi wa mita imodzi, wa masentimita 50 m'mimba mwake, amayandikira makilogalamu 200.

Chinanso: pali timawilo ta mano a chainsaw tomangirira pa galayindala. Musatigule. Galayindala ilibe buleki ya tcheni, ndipo boma la Britain linachenjeza anthu za timawiloti mu 2021 anthu atavulala nato kwambiri. Gwiritsani ntchito mawilo a sandipepa kapena osemera opanda tcheni.

Zovala zodzitetezera n'zodula. Zofunikadi ndi ziti?

Thalauza ya chainsaw kapena zovala zomangirira pamiyendo zikhale zoyamba, chifukwa miyendo ndi imene imachekedwa kawirikawiri. M'kati mwake muli ulusi wautali umene umatuluka n'kukola kagiya, tcheni n'kuima. Ovolosi ya kuntchito kapena jinzi sizichita zimenezo. Kenako magalasi ndi chotchinga kunkhope, nsapato zachitsulo kutsogolo, magolovesi, ndi zotseka m'makutu. Chainsaw imalira kupitirira madesibelo 100, pamene makutu amayamba kuwonongeka pa 85 phokoso likakhalitsa. Ugonthi umenewu umabwera mwakachetechete ndipo suchira. Pokwecha ndi sandipepa valani chotseka pamphuno chenicheni, osati kansalu. Musalize ya petulo mugalaja yotseka, utsi wake umapha. Zala zikayamba kuchita dzanzi kapena kuyera, makamaka m'mawa wa mu Juni, pumulani. N'kunjenjemera kwa makina kumene kukuwononga mitsempha.

Inde, mu Okutobala zovala zimenezi zimawotcha. Yambani m'mamawa, pumulani masana.

Ngozi ikachitika?

Musamagwire ntchito muli nokha pakhomo. Zimitsani makina, dinikizani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osaichotsachotsa, ndipo magazi akamatumphuka pamwendo kapena pamkono osaleka, mangani kwambiri cha kumtunda kwa balalo. Thamangirani ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kapena chipatala chili pafupi. Bala la tcheni limakhala lodetsedwa ndi oyilo ndi utuchi, choncho ngakhale laling'ono lionedwe, ndipo funsani za jekeseni wa kafumbata.

Ndiyambe ndi kusema chiyani?

Bowa, kampando, nsomba, fulu, nkhanga. Zinthu zonenepa zopanda miyendo yowonda. Njovu ndi nyamalikiti zidikire. Jambulani chinthucho mbali ziwiri za chipika ndi choko kapena khala, cha kutsogolo ndi cha m'mbali. Dulani zidutswa zazikulu ndi mizere yowongoka kaye, chioneke ngati chomangidwa ndi mabokosi. Kenako dulani ngodya zonse, kenako ngodya za ngodyazo, mpaka chiyambe kuzungulira. Maso, nthenga ndi mamba ndi zomaliza. Oyamba amakonda kumaliza mutu thupi lisanaoneke, kenako amapeza kuti mutuwo wakula ndipo nkhuni ya mapewa anaidula kale.

Mizere iwiri ikamakumana, samalani kuti tcheni chisapitirire, chifukwa kamzere kopitirirako kamakukakamizani kuchepetsa chinthu chonse. Muzizimitsa makina pafupipafupi n'kuima patali. Ndipo pitani mukaone nyama zenizeni. Ku Mukuvisi Woodlands kuli mbidzi ndi nyamalikiti, ku Lake Chivero kuli nkhwazi ndi zipembere. Chithunzi cha pafoni chimabisa msana ndi m'mimba.

Ndingadziwe bwanji kuti tcheni chabuntha?

Chakuthwa chimatulutsa tizipalapatso ndipo chimalowa chokha. Chobuntha chimatulutsa ufa, chimafuka utsi, chimafuna kukanikiza. Nolani ndi tupa yozungulira ya saizi ya tchenicho, pa ambiri ang'onoang'ono ndi mamilimita 4, pa ngodya ya madigiri 30, dzino lililonse mofanana. Kunola pang'ono nthawi iliyonse mukathira mafuta kumaposa kudikira kuti chithe.

Ndiseme mtengo wauwisi kapena ndidikire uume? Nanga ming'alu?

Semani wauwisi. Thabwa limauma pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa chaka, tsono chipika chonenepa mudzakalamba mukuchidikira, ndipo chidzang'aluka ndithu. Wauwisi ndi wofewa ndipo fumbi ndi lochepa.

Kung'aluka kumabwera chifukwa kunja kumauma n'kufota m'kati mukadali monyowa, komanso mtengo umafota kwambiri mozungulira kusiyana ndi kuchokera pamtima kupita kumakungwa, pafupifupi kawiri. Chipika chathunthu chokhala ndi mtima pakati chiyenera kutseguka penapake. Simungaletse, koma mutha kusankha pamene chitsegukire. Chekani mzere umodzi wowongoka kumsana kwa chiboliboli, kuchokera pamwamba mpaka pansi, wolowa mpaka pamtima. Mzerewo udzakula, nkhope idzapulumuka. Chikauma mutha kutsekapo ndi kachidutswa ka mtengo womwewo. Njira ina, ngati chipika n'chachikulu, ndi kuching'amba pakati n'kusema theka lopanda mtima. Kubowola dzenje lalikulu kunsi nakonso kumathandiza kuti m'kati muume limodzi ndi kunja.

Nyengo ya kuno ndi yankhanza pa nkhuni. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya ndi wouma, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imatha kung'alula chiboliboli chatsopano pa masiku ochepa. Chiikeni pamthunzi, pobisika ku mphepo, pamwamba pa njerwa. Pakani penti yotsala, guluu wa matabwa kapena phula kumapeto kwa chipika, chifukwa ndi kumene madzi amathawira msanga. Usiku, ngati simunamalize, chivindikireni ndi pulasitiki, koma m'dzinja musachisiye chovindikira masiku ambiri, chichita nkhungu. Apa ndiye pamene akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: chiboliboli chachikulu chimatenga miyezi kuti chikhazikike. Muuzeni wogula zimenezi asanalipire. Akadziwiratu, mng'alu waung'ono saudandaula. Akadzauona yekha, amati munamugulitsa chowonongeka.

Ndipake chiyani kuti chikhalitse?

Ambiri amayamba ndi kuwaula ndi moto wa gasi. Motowo umapsereza tiubweya totsala ndi tcheni, umadetsa m'makwinya, kenako mumakwecha ndi bulashi, ndipo nthenga kapena ubweya zimaoneka bwino. Khalani ndi ndowa ya madzi pafupi, ndipo musachite zimenezi pa udzu wouma kapena pa mulu wa utuchi.

Cha m'nyumba, mafuta a linseed kapena polishi wa phula akwanira. Cha panja chimafuna mafuta olowa m'kati, monga opaka pamatabwa a pakhonde, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka mvula isanayambe. Vanishi wokhuthala pamtengo wonyowa amatsekera madzi m'kati, ndipo dzuwa la kuno limamusenda. Nsanza zopakira linseed zimatha kuyaka zokha zikaunjikidwa, choncho ziyanikeni chotambasula kapena zinyikeni m'madzi.

Chiswe chimalowera pansi. Chiboliboli chisakhudze dothi. Chikhale pa mwala kapena simenti, ndi kampata koti mpweya uzidutsa kunsi.

Ndili ndi chitsa chachitali pakhomo. Chingasemedwe chili chomwecho?

Chingasemedwe, ndipo eni mayadi ambiri amakonda zimenezi kuposa kulipira wozula. Koma mizu ikadali m'nthaka, imakoka chinyezi, ndipo kuola ndi chiswe zimakwera kuchokera m'munsi. Chikayamba kufewa patsinde, chidulireni pansi n'kuchikhazika pa simenti. Bulugamu ndi jacaranda amaphukiranso, ndiye mudzakhala mukusadza mphukira. Kugwetsa mtengo woimirira pafupi ndi nyumba kapena mawaya a magetsi ndi ntchito ina, siyirani odziwa.

Pa YouTube amasema zimbalangondo ndi akadzidzi. Nditengere zomwezo?

Onerani kuti muphunzire kagwiridwe ka makina, koma ganizirani amene adzagule. Chimbalangondo kuno n'chachilendo. Kadzidzi atha kugulidwa ndi mlendo, koma yesani kumuimika pageti ku Mufakose muone ngati apongozi adzalowe. Nkhwazi, mvuu, ng'ona, chipembere, nkhanga, mayi wobereka mwana, ndi mabenchi ndi zimene anthu a kuno amazifuna pakhomo. Matchalitchi nawo amafuna mitanda ndi magome olalikirapo. Amene mumapita kumudzi, patukirani ku Mua ku Dedza mukaone ntchito za ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Osema a kumeneko amaika mudzi wonse pa thunthu limodzi, ndipo njira imeneyo imagwirizana bwino ndi zipika zazitali.

Nanga zigoba za gule?

Gule wamkulu amavinidwa ku Harare ndi m'mafamu ndi m'migodi kuyambira kale, ndipo za kudambwe zili ndi eni ake. Sizikambidwa patsamba ngati lino. Ngati mukufuna kusema nkhope zokongoletsera khoma zogulitsa, semani zanuzanu, ndipo mukakayika pitani mukafunse akuluakulu.

Amayi angathe?

Angathe. Chainsaw yaing'ono imalemera makilogalamu 4 kapena 5, osafika ndowa ya madzi. Agnes Nyanhongo ndi Colleen Madamombe anatchuka ndi miyala, imene ndi yolemetsa kuposa apa.

Aneba akudandaula phokoso.

Akunena zoona. M'malokeshoni nyumba n'zothinana, wina wachokera ku naiti, wina ali ndi khanda. Dulani zikuluzikulu kumene mwapeza chipikacho kapena papuloti kunja kwa tauni, kunyumba muzibwera ndi zomalizitsa. Gwirizanani nawo maola, Lamlungu muwasiye apume, ndipo zidutswa zotsala muziwagawira akoleze moto. Utuchi wa mtengo wopanda mankhwala amaufuna oweta nkhuku.

Ndigulitsa kuti, ndipo mtengo ndiutchula bwanji?

Zing'onozing'ono zimayenda pamsika wa ku Avondale, m'mphepete mwa msewu ku Newlands, ndi ku Mbare. Zikuluzikulu sizikhala pamsika, zimayenda ndi oda: malo ogona alendo, masukulu, malo ogulitsa maluwa, ndi okonza mayadi a anthu. Jambulani chilichonse chimene mwamaliza, muziika pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo kavidiyo kosonyeza chipika chikusanduka nkhwazi kamakopa anthu kuposa chithunzi.

Powerengera, musaiwale petulo, oyilo, tcheni ndi bar zimene zikutha, sandipepa, mafuta opaka, lole yonyamula chipika ndi yokapereka, anyamata okweza, ndi masiku anu. Mtengo munaupeza ulele, koma zimenezi si za ulele. Pa oda, landirani theka musanayambe, ndipo mugwirizane ngati ndi madola a ku America kapena ndalama ya kuno ya ZiG, pamanja kapena pa EcoCash.

Wogula akufuna kupita nacho kunja, kapena ine ndikufuna kupita nacho ku Malawi. Pali vuto?

Chikhale chouma, chopanda makungwa ndi chopanda timabowo ta tizilombo. Mayiko ngati Australia ndi New Zealand amafufuza kwambiri zinthu za mtengo, ndipo zazikulu zimafuna kufukizidwa mankhwala ndi chikalata chake, zimene makampani otumiza katundu amakonza. Mitengo ina ili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha: phingo kuyambira mu 2017, mlombwa ndi mbawa kuyambira mu 2023. Malamulo ake amasiyanitsa zipika, matabwa ndi zinthu zomalizidwa, choncho funsani a ZimParks, amene amayang'anira za CITES m'dziko muno, musanalonjeze wogula. Jacaranda, mango ndi cypress sali pa mndandandawo.

Wopita kumudzi pa basi amadutsa malire awiri, pa Nyamapanda kulowa Mozambique, kenako pa Mwanza kapena pa Dedza. Tengani lisiti kapena kalata yonena mtundu wa mtengo ndi kumene unachokera. Kulungani chiboliboli ndi bulangete ndi makatoni, mapiko ndi milomo muzimangirire timatabwa, ndipo muimirire pomwepo makondakitala akamachikweza kuti asachigoneke pansi pa matumba a shuga.